Makapisozi anayi a pa okala ndi mabotolo 194,539 a ku Gulupu

Sabata yatha ndinaima pa okala ina pano pa Mdeka kudikira kugula mayunitsi. Patsogolo panga panali mayi wina, mwana kumsana, mamina ali chuchuchu. Sanachulutse zonena: "Achimwene, mundipatseko makapisozi anayi, mwanayu sakugona ndi chifuwa." Wogulitsa sanafunse kuti mwana ali ndi zaka zingati, wayamba liti kutsokomola, kaya anakamuyezetsa malungo. Anang'amba kapaketi, kukulunga makapisozi anayi m'kapepala, ndalama m'thumba, basi. Wotsatira.

Sindinadabwe, ndipo sindikufuna kudziyesa woyera. Inenso ndinagulapo amoxicillin wa masiku awiri chifukwa ndalama inathera pomwepo. Ambiri a inu amene mukuwerenga muli ndi kajumbo kenakake m'nyumba momwe muli zotsala za chaka chatha: Bactrim atatu, doxycycline awiri, panado, ndi ena oti dzina linafufutika kalekale. Ndi moyo wathu umenewo.

Koma pali munthu wina amene wathera zaka zambiri akuwerengera zomwe zikuchitika kumapeto kwa msewu umene makapisozi amenewa akutitengera. Dzina lake ndi Dr Patrick Musicha. Pa Facebook timadziwa oimba onse, timadziwa amene wagoletsa ku Bullets ndi ku Wanderers, koma dzina ili silimveka. Chonsecho ntchito yawo ikukhudza mwana uja wakumsana kuposa zambiri zomwe timakanganirana usiku wonse.

A Musicha ndi Mmalawi wofufuza za tizilombo ta bakiteriya, ndipo ntchito yawo yambiri yachitikira ku Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe la kafukufuku lomwe lili pa chipatala cha Gulupu, Queen Elizabeth Central, mumzinda wa Blantyre. Kuyambira 1998, labotale ya kumeneko yakhala ikuchita chinthu chimodzi mosadukiza. Wodwala akafika thupi lili moto, madokotala n'kukayikira kuti tizilombo talowa m'magazi, amatengako magazi n'kuwathira m'botolo momwe muli chakudya cha tizilombo. Botololo amalisunga pamalo ofunda. Tizilombo tikamera, amatiyala m'kambale n'kuikamo timapepala tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana, kuti aone kuti ndi ati akutipha ndipo ndi ati tikungowadutsa ngati palibe kanthu. Zotsatira amalemba. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, ntchito yoti palibe amene angaiike pa sitetasi.

Mu 2017, a Musicha ndi anzawo anasonkhanitsa zolembedwa zonsezo, kuyambira 1998 mpaka 2016, n'kuzisindikiza m'magazini ya madokotala ya The Lancet Infectious Diseases. Mabotolo onse anali 194,539, ndipo mwa amenewa anapeza tizilombo toyambitsa matenda maulendo 29,183. Nkhani yabwino inalimo: matenda a bakiteriya m'magazi anatsika kwambiri, kuchoka pa anthu 327 pa 100,000 alionse mu 1998 kufika pa 120 mu 2016. M'zaka zimenezi ndi momwe ma ARV aulere anafalikira, kuyambira 2004, komanso akatemera atsopano a ana anabwera. Ndiye pamenepo tiombe m'manja.

Mbali inayo ndi yomwe inandisowetsa tulo. Theka la tizilombo tomwe anapeza, 51 pa 100 tilitonse, tinali tosamva mankhwala onse atatu akale omwe chipatala chinkayambira: amoxicillin kapena penicillin, chloramphenicol ndi Bactrim. Madokotala anasamukira ku jakisoni wamphamvu wotchedwa ceftriaxone, yemwe masiku ano aliyense amene anagonekedwapo m'chipatala amamudziwa. Tizilombo tinatsatira konko. Mu 2003, tizilombo ta E. coli tokhala ndi mphamvu yogonjetsa mankhwala a gulu la ceftriaxone tinali tosakwana kamodzi pa 100, ndendende 0.7 peresenti. Pofika 2016 tinali 30.3 peresenti. Ta mtundu wa Klebsiella, tomwe timavutitsa kwambiri makanda obadwa kumene, tinachoka pa 11.8 peresenti kufika pa 90.5 peresenti. Muwerengenso kachiwiri, aise. Pa tizilombo 10 ta Klebsiella topezeka m'magazi a odwala, 9 tinali toti jakisoni amene chipatala chimadalira sangatiphe.

Mankhwala ena oposa pamenepo alipo, monga meropenem, koma ndi odula ndipo sapezeka wamba. N'chifukwa chake ofufuzawo ananena poyera kuti matenda ena a m'magazi afika poti kuno kwathu n'kovuta kuwachiza. Kafukufuku wina wotsatira, yemwe anatsogolera Dr Rebecca Lester pa Gulupu pomwepo, anaonetsa kuti odwala amene ali ndi tizilombo tosamva ceftriaxone amamwalira kwambiri kusiyana ndi anzawo. Kumudzi kuno maliro otere timangoti "anadwala nthawi yochepa", ena n'kuyamba kuloza zala agogo ena ake.

Apa ndikonze kaye bodza lina lomwe timalikonda. Timati "thupi langa linazolowera Bactrim". Ayi. Si thupi lanu lomwe lazolowera, ndi tizilombo tomwe tapima. M'matumbo mwa munthu aliyense muli bakiteriya wosawerengeka, wambiri ndi wothandiza. Mukamwa makapisozi, tofooka timafa, tolimba timatsala, ndipo popeza malo apezeka timaswana mwaufulu. E. coli zinthu zikamuyendera amagawikana pawiri pa mphindi pafupifupi 20 zilizonse. Choopsa kwambiri n'chakuti tizilomboti timapatsana nzeru zopimira, kachidutswa ka majini kuchoka kwa kena kupita kwa kanzake, ngati momwe timatumizirana nyimbo pa Bluetooth. Kachilombo koti sikanakumanepo ndi ceftriaxone kangathe kulandira nzeruyo kwa kanzake m'ngalande. Ndiye munthu woti sanamwepo kapisozi chibadwire atha kudwala matenda osamva mankhwala. Vutoli si la womwa yekha.

Kumeneku n'komwe ntchito ya a Musicha inalowera. Anachita digiri ya PhD ku University of Liverpool, anagwirako ntchito ku Wellcome Sanger Institute ku England, ndipo luso lawo ndi lowerenga majini a tizilombo pa kompyuta. Kuwerenga kotereku kumathandiza kudziwa ngati kachilombo kopezeka mwa mwana wa ku Ndirande ndi kachibale ka kena kopezeka m'madzi a mumtsinje, komanso kuti nzeru yopimira mankhwala inadzera kuti. Ndi upolisi, kungoti wakuba wake saoneka ndi maso.

Kuti mumvetse phindu la kuwerengera kotereku, tengani nkhani ya taifodi. Pakati pa 1998 ndi 2010, labotale ya ku Gulupu inkapeza odwala taifodi pafupifupi 14 pa chaka. Mu 2011 anapeza 67. Mu 2014 anapeza 782, ndipo 97 pa 100 alionse anali ndi tizilombo tosamva mankhwala atatu akale aja. Prof Nick Feasey ndi anzake ataunika majini anapeza kuti mumzinda mwalowa mtundu watsopano wa kachilomboka, wotchedwa H58, womwe unafala kuchokera ku Asia. Pakanapanda mabotolo aja, tikanangoti chaka chino malungo avuta.

Ndipo yankho lomwe linagwira ntchito silinali kapisozi wina wamphamvu. Prof Melita Gordon, dokotala amene wakhala akufufuza tizilombo ta Salmonella mu Blantyre kwa zaka zoposa 20, anatsogolera kuyesa katemera watsopano wa taifodi kuyambira February 2018. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa nawo, ndipo kanali koyamba katemerayu kuyesedwa motere mu Africa muno. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti amateteza ana pafupifupi 8 pa 10 alionse, ndipo patapita zaka 4 chitetezocho chinali chikadalipo. Mu May 2023 boma linapereka katemerayu dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka zaka 14, ndipo pano ali m'gulu la akatemera a kusikelo. Mukukumbukira mauthenga aja ankazungulira pa WhatsApp oopseza makolo za akatemera? Mwana amene sanadwale taifodi safuna mankhwala alionse, ndipo tizilombo sitipeza mpata wophunzira kupima. Masamu ake ndi omwewo.

Tsopano tibwere kufupi ndi kwathu, chifukwa wina anena kuti zonsezi ndi za m'tauni. Pakati pa 2019 ndi 2020, gulu la ofufuza lotchedwa DRUM, lomwe linkagwira ntchito ku Malawi ndi ku Uganda motsogozedwa ndi a Feasey, linayendera mabanja 300 m'madera atatu: Ndirande, Chikwawa ndi Chileka. Inde, Chileka yomweyi, anansi athu. Sanapite kwa odwala. Anapita m'makomo mwa anthu oti akuyenda bwinobwino, n'kutenga chimbudzi cha anthu, ndowe ndi zitosi za ziweto, madzi a m'mitsinje, a m'ngalande ndi zina za pakhomo. Zotsatira zinatuluka mu 2023 m'magazini ya The Lancet Microbe. Tizilombo ta E. coli kapena Klebsiella togonjetsa mankhwala a gulu la ceftriaxone tinapezeka mu 41.8 peresenti ya chimbudzi cha anthu chomwe anayeza, 29.8 peresenti ya za ziweto, 46 peresenti ya madzi a m'ngalande, ndi 66.2 peresenti ya madzi a m'mitsinje.

Musathamange magazi, kukhala nato m'matumbo sikudwala. Timangokhala phee. Vuto limabwera tsiku lomwe tapeza njira yolowera kwina: m'chikhodzodzo, pabala la opaleshoni ya mayi wobereka, pamchombo wa khanda, m'magazi a agogo odwala shuga. Tsiku limenelo m'pamene mumazindikira kuti jakisoni sakugwira.

Ofufuzawo anaonanso kuti tizilomboti timapezeka kwambiri mwa anthu nthawi ya dzinja, komanso m'makomo momwe ziweto zimagona m'nyumba kapena kufika pa chakudya. Ndani pano sakudziwa zimenezi? Mbuzi timagoneka m'nyumba chifukwa cha akuba, osati chifukwa chokonda fungo lake. Mvula ikagwa yamphamvu zimbudzi zimagwa, zonse n'kutsetserekera kumtsinje komwe ena akuchapa, ana akusambira, ena akutunga chifukwa mjigo unafa. Tinaziona nthawi ya Freddy mu March 2023, tinazionanso ndi kolera wa 2022 mpaka 2023 yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Msewu womwe kolera amadzera ndi womwewo womwe tizilombo tosamva mankhwala timadzera. Kusiyana kwake n'kwakuti kolera amabwera ndi phokoso, matenti ndi mawailesi, pamene iti timabwera mwakachetechete.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi uthenga womwe timaumva chaka chilichonse pa sabata ya 18 mpaka 24 November, pomwe dziko lonse limakumbutsana za vutoli. Uthenga wake nthawi zambiri umakhala woloza chala ife: musagule mankhwala pa okala, pitani kuchipatala, malizani mankhwala. Zoona zonsezo. Koma amene amalemba mauthengawa anayesapo kudwala ali kumudzi? Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu cha boma ngati momwe alili maboma ena, ndiye vuto likakula pa chipatala chaching'ono, ulendo ndi wa ku Gulupu, kapena ku chipatala cholipira ngati m'thumba muli kanthu. Kuchoka m'midzi ya kuno ndi kabaza kaye mpaka pamsewu wa M1, kenako minibasi kudutsa Lirangwe ndi Lunzu, ndalama yake yoti banja likanadyera masiku angapo.

Chaka chatha agogo anga anavutika ndi chikhodzodzo. Tinapita nawo pa chipatala china, tinakhala pamzere kuyambira m'mawa, ndipo dokotala anatilandira bwino ndithu. Anatilembera m'buku dzina la mankhwala n'kunena mawu omwe nonse mukuwadziwa: "Awa atha, mukagule." Ku famase mtengo wa mankhwala onse unali woposa zomwe ndinali nazo. Ndinagula theka. Ineyo, amene ndinakhalapo m'kalasi ya ku yunivesite ndisanasiyire panjira chifukwa cha fizi, amene ndikudziwa bwino za kupima kwa tizilombo, ndinagula theka. Ndiye mayi uja wa makapisozi anayi ndimuweruze bwanji? Si umbuli. Anawerengera ndalama ya kabaza, tsiku la ganyu lomwe litayike, ndi mwayi woti akafika akauzidwa kuti mankhwala kulibe, n'kuona kuti okala ndiyo yotchipa.

Komanso m'zipatala zing'onozing'ono mulibe mabotolo aja. Kachipangizo koyezera malungo kakaonetsa kuti mulibe, dokotala amatsala ndi maso ake ndi nzeru zake basi, kunja kuli mzere wa anthu. Kodi amubweze mwana wotentha thupi chimanjamanja? Ambiri amalemba amoxicillin kapena Bactrim kuti mwina mwake. Ndipo ifenso tikabwezedwa ndi panado yekha timatuluka tikunyoza kuti dokotala wake ndi wachibwana.

Izi sizikutichotsera mbali yathu. Pali zina zomwe timachita zoti umphawi sungatiikire kumbuyo. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo kapisozi alibe nacho ntchito, ngakhale mumwe paketi yonse. Kutsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pabala ndi kuwononga mankhwala. Kusungunula makapisozi m'madzi a nkhuku chitopa chikabuka n'chimodzimodzi, chitopa ndi vairasi ndipo chili ndi katemera wake. Anzathu oweta nkhuku zoyera, kafukufuku wa a John Mankhomwa ndi anzawo pakati pa alimi ang'onoang'ono a nkhuku ndi nkhumba mu Blantyre anapeza kuti mankhwala opha bakiteriya akugwiritsidwa ntchito kwambiri m'makola, ena mwa iwo okhala ndi colistin, mankhwala omwe madokotala a anthu amasungira pomwe ena onse alephera. Zitosi zake timathira ku dimba. Ndipo anyamata, tinene zoona: ambiri akaona zachilendo pokodza sapita kuchipatala, amatuma mnzawo kukagula "amphamvu" mwakabisira, chibwenzi osachiuza. Chinzonono ndi amodzi mwa matenda omwe padziko lonse akuvuta kuchiza chifukwa cha kupima komweku. Manyazi a tsiku limodzi pa chipatala ndi otchipa.

Ndionjezere apa msanga, kuti wina asandimve molakwa: ngati muli pa ma ARV ndipo achipatala anakupatsani Bactrim wa tsiku ndi tsiku, pitirizani kumwa. Ameneyo ali ndi ntchito yake ndipo wapulumutsa anthu ambiri. Nkhani ndi yomugawira mnansi amene akutsokomola.

Malamulo alipo. Mankhwalawa sayenera kugulitsidwa popanda chikalata cha dokotala, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi lomwe limayang'anira zimenezi. Boma linalembanso ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2022. Koma mutati mawa mulande makapisozi onse m'maokala a pa Mdeka, m'chipatala muli mopanda mankhwala, mwathetsa chiyani? Mwana wa chibayo chenicheni, yemwe amoxicillin akanamupulumutsa, ndi amene ayambe kufa. Kuno anthu akufa ndi zonse ziwiri, mankhwala omwa mosayenera ndi mankhwala osowa. N'chifukwa chake ine ndikamawerenga zomwe a Musicha ndi anzawo apeza, sindikuonamo nkhani ya apolisi. Ndikuonamo mjigo, chimbudzi cholimba, sopo, katemera, mashelefu odzaza pa chipatala chaching'ono, ndi labotale yoti si ya ku Gulupu kokha. Zimenezi ndi zomwe khansala ndi phungu ayenera kufunsidwa akabwera kudzagawa mipira ya bonanza.

Dziko lonse likudziwa kukula kwa vutoli. Kafukufuku wamkulu yemwe anatuluka mu The Lancet mu January 2022 anayerekeza kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha bakiteriya wosamva mankhwala, ndipo chiwerengero cha imfa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu chinali chokwera kwambiri kuno ku Africa ya kumwera kwa Sahara. Mu September 2024 atsogoleri a maiko ku United Nations analonjeza kuchepetsa imfazi ndi 10 peresenti pofika 2030. Chaka chisanathe, mu 2025, boma la Britain linalengeza kuti likusiya kuthandiza Fleming Fund, thumba lomwe linkalimbikitsa malabotale oyeza tizilomboti m'maiko ngati Malawi. Lonjezo ku New York, lumo ku London.

Chimenechi n'chomwe chimandidetsa nkhawa pa ntchito ya anthu ngati a Musicha. Manambala onse ndatchula pamwambapa tikuwadziwa chifukwa wina wakunja analipira mabotolo, makina ndi maphunziro. Ndi zabwino kuti Amalawi akutsogolera kafukufuku wotere, ndipo ku Kamuzu University of Health Sciences kuli akatswiri ena monga Dr Chisomo Msefula amene aphunzitsa achinyamata ambiri za tizilombo. Koma dziko loti likudalira mlendo kuti lidziwe chomwe chikupha makanda ake lili pa ngozi. Tsiku lomwe thandizo lidzaime, tizilombo sitidzaima nawo. Tidzangosiya kutiwerenga, ndipo pa mapepala zidzaoneka ngati vuto latha.

Kwa inu amene muli Fomu 3 kapena 4 ndipo masamu ndi bayoloje zimakuyenderani, dziwani kuti udokotala si khomo lokhalo. Ntchito yomwe yasintha momwe tikumvetsera matendawa yachitika ndi anthu a m'labotale, owerengera pa kompyuta, ndi oyenda m'midzi ndi mabokosi ozizira kutolera zinthu zoti enafe sitingazigwire. Ine sitima imeneyo inandisiya, mwina ndidzaipezanso. Koma ndikanakonda tsiku lina kuwerenga pepala lotere lolembedwa ndi mwana wa kwa Chigaru, lonena za madzi omwe iye mwini anakulira akumwa.

Mwana uja ndinamuonanso dzana pafupi ndi msika, akuthamangitsa nkhuku, chifuwa chitatha. Mwachidziwikire chinali chimfine, chomwe chikanatha chokha. Ndinawapatsa moni mayi ake n'kufunsa za mwanayo. Anamwetulira: "Wachira, achimwene. Makapisozi aja ndi amphamvu. Anangomwa atatu, kamodzi ndasunga."